Ana apite nawo ku Thailand kapena atsale kwa agogo?

Sabata yatha mayi wina wa ku Lilongwe anandilembera imelo. Amuna awo akupita ku Bangkok, likulu la Thailand, pa zantchito, mpata ulipo woti banja lonse lipite, koma abale akuti ana awiriwo, wa zaka 4 ndi wa zaka 9, angotsala kwa agogo chifukwa akavutitsa. Akufunsa kuti ine ndikuona bwanji.

Mayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri mtima ukuwawa, chifukwa mawu omwewa ndinauzidwapo ine, ndipo ndinawamvera. Ulendo wathu woyamba wa ku Thailand mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 5, tinamusiya kwa amayi anga ku Dedza. Tsiku lachitatu tinalowa m'kachisi wa Wat Pho, momwe muli chifaniziro cha Buddha chogona chammbali, chotalika mamita 46. M'mbali mwa khoma anandandalika mbale zamkuwa 108, anthu amaponyamo timakobidi imodziimodzi. Kutsogolo kwanga kunali kamtsikana ka msinkhu wa mwana wanga, kakuponya ngwe, ngwe, kenako n'kucheukira mayi ake n'kumaseka. Ndinatuluka panja misozi ili chuchuchu. Titabwerako ndinamupatsa chidole cha njovu. Anachilandira ndi manja awiri, n'kundifunsa kuti, "Amayi, ine ndinalakwa chiyani kuti munandisiya?"

Ulendo wachiwiri tinawatenga onse awiri, ngakhale panali oyankhula. Ndimaopa kwambiri za chakudya, koma kumeneko kuli mpunga womata wotchedwa khao niao, umabwera m'kadengu koluka. Mnyamata wanga anangotema, n'kuumba m'manja ngati mbamu ya nsima, n'kusunsa mu msuzi wa nkhuku. Mayi wogulitsayo anakondwa mpaka anatiwonjezera mango. Ku Lumphini Park tinakhala m'mawa wonse tikuyang'ana ng'anzi zikuluzikulu zikusambira m'dziwe, osalipira kalikonse. Bwato la mbendera ya olenji la pa mtsinje wa Chao Phraya ndi limene amalisimbabe mpaka lero.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Tsiku lina ndinafuna tione nyumba yachifumu ya Grand Palace, kachisi wa Wat Arun ndi msika tsiku limodzi. Pofika masana wamng'onoyo anali atafooka ndi dzuwa, thupi lili moto, akusanza. Usiku umenewo sindinagone. Kuyambira pamenepo tinkaona malo amodzi patsiku, m'mawa, masana n'kubwerera kokagona kuti ana apume.

Anthu amati mwana wa zaka 4 sakakumbukira chilichonse. Mawu amenewa ndimawakana, ndipo ndikamakula ndikuwakanitsitsa. Kodi nyimbo zimene timawaimbira ali kumbuyo amazikumbukira? Nanga timasiya kuwaimbira? Ana omwewa timakwera nawo minibasi yothithikana tsiku lathunthu kupita kumaliro kumudzi, palibe amene amati akavutika. Ukakhala ulendo wokasangalala ndiye mwadzidzidzi mwana wasanduka katundu. Ndiponso agogo timawaiwala. Amayi anga sanadandaule, sangadandaule, koma nditabwerako ndinapeza miyendo yawo itatupa chifukwa chothamangitsana ndi mdzukulu masabata awiri. Ngati ndalama sizikukwana, chimenecho n'chifukwa chomveka ndipo palibe chamanyazi. Koma ngati chikukuletsani ndi pakamwa pa abale, atengeni anawo.

Mupite liti?

Ngati tsiku mungasankhe nokha, pitani pakati pa Novembala ndi Febuluwale, kutentha kumakhala kocheperako. Epulo ndiye wotenthetsa, ndipo pa 13 mpaka 15 kumakhala Songkran, chikondwerero cha chaka chatsopano, pomwe anthu amathirana madzi m'misewu. Wa zaka 9 angakondwe nazo, wamng'onoyo angachite mantha. Mvula imagwa kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala.

Ife tinakwera Ethiopian Airlines kudzera ku Addis Ababa, ndipo kuchokera kumeneko kukafika ku Bangkok ndi maola pafupifupi 9. Nthawi ya ku Thailand ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi maola 5, choncho tsiku loyamba musakonze zopita kulikonse. Mapasipoti a ana ndi viza yambani kuthamangira lero lomwe, ndipo mutenge makadi achikasu a katemera wa yellow fever popeza mudutsa ku Ethiopia. Madzi imwani a m'botolo okha. Udzudzu wofalitsa matenda a dengue umaluma masana, ndiye mafuta othamangitsa udzudzu muziwadzoza m'mawa musanatuluke. Ku Grand Palace salola mapewa ndi mawondo pamtunda, chitenje chikhale m'chikwama. Anawo muwauze asamagwire anthu pamutu, n'chipongwe kumeneko. Poitanitsa chakudya chawo nenani kuti "mai phet", kutanthauza kuti asaikemo tsabola, ndipo mulawe kaye inuyo musanawapatse.