Funsani Dokotala: Mwana akalira m'galimoto, ndimuchotse pampando wake?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana ku America, ndipo ndili ndi ana awiri, wa miyezi 14 ndi wa zaka 6. Apongozi anga anabwera kuchokera kumudzi kudzatithandiza kulera. Tikakhala pa ulendo, wamng'onoyu akangoyamba kulira iwo amamumasula pampando wake n'kumufukata. Amati n'kulakwa kumanga mwana ngati katundu, komanso atayang'ana kumbuyo. Bambo akunyumba nawo akuti timutembenuze aziyang'ana kutsogolo poti miyendo yake yayamba kugunda mpando, ndipo akuti lamulo la kuno silitchula zaka 2. Wamkuluyo akukana booster, kampando komukweza kuti lamba wa galimoto amukwane, akuti ndi ya makanda. Ndimvere ndani?

Yankho: Mayi, bambo akunyumba sananame pa za lamulo. Ku America boma lalikulu limayang'anira kapangidwe ka mipando ya ana, koma za kagwiritsidwe ntchito kake chigawo chilichonse chimalemba lamulo lakelake. Chinayamba ndi chigawo cha Tennessee, komwe lamulo linayamba kugwira ntchito mu 1978 dokotala wa ana Robert Sanders atalimbikira kwa aphungu, ndipo pofika 1985 zigawo zonse 50 zinali ndi malamulo awo. Sanafanane mpaka lero. Ku Indiana kwanuko mwana wosafika zaka 8 ayenera kukhala pampando wa ana womangidwa motsatira malangizo a amene anaupanga. Mukamapita ku Chicago mwalowa Illinois, komwe kuyambira 2019 mwana wosafika zaka 2 ayenera kuyang'ana kumbuyo, pokhapokha ngati wakwana makilogalamu 18 kapena masentimita 102. Ku Michigan, mphindi zochepa chabe kuchoka kwanuko, lamulo lomwe linayamba mu Epulo 2025 nalonso likutchula zaka 2. Wapolisi amatsata lamulo la chigawo chimene mukuyendamo.

Ndiye taonani: pa ulendo umodzi lamulo likhoza kusintha kawiri, koma khosi la mwana wanu ndi lomwelo. N'chifukwa chake ine ndimauza makolo kuti lamulo azilitenga ngati poyambira. Aphungu amalemba zimene agwirizana pambuyo pokangana ndi kukokana, ndipo nthawi zambiri zimachepera pa zimene thupi la mwana likufuna.

Mwana wa miyezi 14 mutu wake ndi waukulu ndiponso wolemera poyerekeza ndi thupi, pamene mafupa a khosi akadali anthete. Galimoto ikagunda chinthu kutsogolo, mwana woyang'ana kutsogolo malamba amamugwira mapewa koma mutu umaponyedwa, ndipo mphamvu yonse imathera pakhosi. Mtsempha waukulu wa mumsana sutanuka. Ukavulala pamenepo mwana amafa kapena kufa ziwalo moyo wake wonse. Akayang'ana kumbuyo, mpando umalandira mutu, khosi ndi msana nthawi imodzi. Bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics kuyambira 2018 limati mwana aziyang'ana kumbuyo mpaka atafika pa kulemera kapena msinkhu umene walembedwa pampandowo, ngakhale atadutsa zaka 2. Werengani kapepala komata m'mbali mwa mpando wanu. Za miyendo musade nkhawa, ana amangoipinda n'kukhala bwinobwino. Mwendo ukathyoka timaumanga pulasitala n'kupola. Khosi lilibe mwayi umenewo.

Nkhani ya agogo ndi imene yandikhudza kwambiri, chifukwa zimene akuchitazo akuchita mwachikondi. Kwathu mwana wolira malo ake ndi pachifuwa kapena kumbuyo pachitenje, ndipo agogowo alera ana ambiri mwa njira imeneyi. M'nyumba akunena zoona. M'galimoto yoyenda manja a munthu sangagwire mwana. Pa liwiro la makilomita 50 pa ola, lomwe ndi la m'tauni, galimoto ikagunda mwadzidzidzi mwana wa makilogalamu 10 amakoka ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 300. Amenewo ndi matumba 6 a chimanga, akuchoka m'manja mwawo m'kuphethira kwa diso. Ngati agogo sanamange lamba, thupi lawo limapanikiza mwana ku mpando wakutsogolo. Akamangira limodzi ndi mwanayo pa lamba mmodzi, amamufinya pamimba. Bungwe la boma loona za chitetezo pamsewu la NHTSA limati mpando womangidwa bwino umachepetsa imfa za makanda ndi 71 peresenti, ndipo za ana a chaka chimodzi mpaka zaka 4 ndi 54 peresenti.

Musakangane nawo apongozi anu. Mwana wawo ndiye akhale nawo pansi, kunyumba, galimoto isananyamuke, awafotokozere za matumba aja. Kenako muwapatse udindo: azikhala kumbuyo pafupi ndi mdzukulu. Poti mwanayo amayang'ana kumbuyo, nkhope ya agogo aziiona, azimugwira dzanja, azimuimbira. Akalira mosatonthozeka, kapena akafuna kuyamwa, imitsani galimoto pamalo abwino, mumutulutse, atonthole, mumumangenso. Kuchedwa ndi mphindi khumi palibe vuto. Kuyamwitsa galimoto ikuyenda, mayi, musayerekeze ngakhale kamodzi.

Wa zaka 6 asachoke pa booster, lamulo la Indiana likumufunabe pamenepo. Lamba wa galimoto anamupangira munthu wamkulu. Pa mwana wamfupi, lamba wam'munsi amakwera pamimba m'malo mokhala pa mafupa a m'chiuno, ndipo pa ngozi amang'amba matumbo kapena kuvulaza msana. Wam'mwamba amadutsa pakhosi, ndiye ana amamukankhira kumbuyo kapena kunkhwapa. Chigawo cha Washington ndi chimene chinayamba kukhazikitsa lamulo la booster mu 2000, mwana wa zaka 4 Anton Skeen atamwalira chifukwa anatuluka m'lamba wa akuluakulu galimoto itagubuduka, ngakhale mayi ake anali atatsatira lamulo la nthawiyo. Ngakhale akadzakwana zaka 8, yang'anani msinkhu: ana ambiri lamba amawakwana akafika masentimita 145, pakati pa zaka 8 ndi 12. Mumukhazike msana utatsamira mpando. Mawondo akapindika pamphepete mwa mpando, lamba wam'munsi n'kugona pantchafu, wam'mwamba n'kudutsa pakati pa phewa, ndiye kuti wakula. Mpando wakutsogolo adikire zaka 13, chifukwa airbag, thumba la mpweya lomwe limafufuma pa ngozi, imatuluka ndi mphamvu yoti ikhoza kupha mwana.

Kwanuko kumazizira, ndiye ndionjezere ichi. Jekete lokhuthala muzimuvula mwana musanamumange, chifukwa pa ngozi limaphwa n'kusiya malamba olendewera. Mumangeni kaye, bulangete mufunditse pamwamba. Mukamaliza yesani kutsina lamba paphewa ndi zala ziwiri. Akatsinika ndiye kuti sanalimbe. Kachomangira ka pachifuwa kakhale molingana ndi nkhwapa. Mpandowo mukaugwedeza pomwe wamangidwa usasunthe kuposa masentimita awiri ndi theka. Wogula kwa munthu wina muonetsetse tsiku lothera ntchito, ndipo womwe unachitapo ngozi yaikulu utayidwe. M'madera ambiri kuzipatala, kupolisi kapena kwa ozimitsa moto kuli anthu ophunzitsidwa amene amayang'ana mipandoyi kwaulere. Mupite nawo agogo akadzionere okha.

Funso: Adokotala, ndili ku California. Mwana wanga wa zaka 3 akagona m'galimoto ndimamusiya momwemo ndikathamangira mu shopu, mphindi zisanu basi, galasi nditatsegula pang'ono. Mnzanga akuti ndikhoza kulipitsidwa. N'zoona?

Yankho: Bambo, mnzanuyo wakuuzani zoona. Ku California kuli lamulo lotchedwa Kaitlyn's Law, lomwe linakhazikitsidwa mu 2001 khanda la miyezi 6 litamwalira m'galimoto yotentha. Limaletsa kusiya mwana wa zaka 6 kapena wocheperapo popanda womuyang'anira wa zaka 12 kapena kuposerapo, pamene pali chiopsezo pa moyo wake kapena pamene injini ikulira kapena makiyi ali momwemo. Mwana akavulala, mlandu umakula kufika pa wosasamala mwana.

Koma chonde chindapusa chisakhale chifukwa chosiyira khalidweli. M'galimoto yoima kutentha kumakwera ndi madigiri a Celsius pafupifupi 11 m'mphindi 10 zokha, ndipo kutsegula galasi pang'ono sikuthandiza kwenikweni. Thupi la mwana limatentha mofulumira katatu mpaka kasanu kuposa lanu. Likafika madigiri 40 ubongo ndi ziwalo zina zimayamba kuwonongeka. Mwana wogona sakuwa, ndipo womangidwa pampando sangadzitulutse. Mphindi zisanu za mu shopu zimasanduka 20 mukapeza mzere wautali kapena munthu wakwanu.

Ku America ana pafupifupi 37 amamwalira chaka chilichonse mwa njira imeneyi. Oposa theka mwa iwo amachita kuiwalidwa ndi makolo owakonda, kawirikawiri tsiku limene ndondomeko yasintha, monga bambo akatenga mwana amene masiku onse amapita ndi mayi. Muziika foni kapena chikwama chanu kumbuyo pafupi ndi mwana, kuti musatseke galimoto musanatsegule chitseko chakumbuyo. Kunyumba muzikiya galimoto ndi kubisa makiyi, chifukwa ana ena amalowamo okha posewera n'kulephera kutuluka. Mukaona mwana ali yekha m'galimoto ya munthu wina, imbani nambala ya zangozi ya 911 nthawi yomweyo. Ngati wafooka kapena sakuyankha, atulutsidwe msanga, apite pamthunzi, mumuvule zovala n'kumuthira madzi ozizira mpaka ambulansi ifike.