Mfundo yomangira zingwe za jib

Achimwene, mwafunsa mfundo yoyenera zingwe za jib (thanga la kutsogolo kwa mlongoti) pa bwato lanu la ku nyanja ya Chivero, ku Zimbabwe. Mangani bowline (mfundo yopanga diso losatereka kumapeto kwa chingwe), chingwe chilichonse pachokha, pa kabowo ka pangodya ya m'munsi chakumbuyo ya thanga. Ngakhale mphepo ikoke bwanji, mukakankha khosi la mfundoyo ndi chala chachikulu imamasuka. Vuto lake n'lakuti thanga likamakupiza lopanda kukokedwa imakhwefuka, choncho pa chingwe cha mamilimita 8 siyani mchira wa masentimita 10 kapena kuposerapo, muikoke zolimba musananyamuke. Diso likhale laling'ono, mfundo isamakole mawaya ogwira mlongoti potembenuka.

Cow hitch (mfundo yopisa nsonga zonse ziwiri m'diso) pa chingwe chimodzi chopinda pakati sikola mawaya kwenikweni, koma chingwe chikakhala chatsopano imaterereka. Shackle yachitsulo (cholumikizira chotseka ndi pini) ndiye ayi ndithu, imavulaza nkhope thanga likamawomba.