Kwa achimwene amene abwerera ku Mulanje patatha zaka 14

Achimwene, ndawerenga zimene mwalemba, zoti munabwerera kumudzi kwanu kufupi ndi Chitakale mutakhala zaka 14 ku Cape Town, ndipo ngakhale patha miyezi iwiri mukudzionabe ngati mlendo pakhomo panu pomwe. Mwati anzanu akale mukakumana nawo nkhani sizichedwa kutha, abale amabwera ndi mavuto a ndalama okhaokha, ndipo ena akukutchulani kuti mtchona. Mwafunsa kuti muyambire pati. Ine ndinabwerera kwathu ku Thyolo, cha ku Luchenza, mu 2019 nditakhala zaka 11 ku Johannesburg, choncho njira imene mukuyendayi ndinaipondapo.

Yambirani pa maliro. Pa zaka 14 anthu ambiri a m'mudzi mwanu ndi m'midzi yoyandikana nayo anatisiya inu kulibe, ndipo ena mwa iwo anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anasakaza kwambiri Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, moti mabanja ena sanaone ngakhale thupi loti aike m'manda. Khalani pansi ndi amayi anu kapena amalume anu, akutchulireni mayina onse, kenaka muyambe kuyenda khomo ndi khomo kukapepesa. Simukusowa kunyamula zambiri ayi. Paketi ya shuga, sopo, kapena kangachepe ka chipepeso nzokwanira, chifukwa chimene anthu akudikira ndi nkhope yanu.

Zimenezi ndinaziphunzira mochititsa manyazi. Mwana wa amayi anga aang'ono anamwalira ine ndili ku Joni, ndipo ndinatumiza ndalama ya bokosi tsiku lomwelo, motero mumtima mwanga ndinkati mbali yanga ndinaikwaniritsa. Nditabwerera ndinatha masabata atatu ndikudutsa pakhomo pawo pa njinga yamoto, ndikungokweza dzanja. Tsiku lina ndinawapeza kuchigayo, ndipo nditawapatsa moni anandiyankha ngati akuyankha munthu wofunsa njira. Amalume ndiwo anandiuza madzulo ake kuti ndalama ija inafika ndipo inagwira ntchito, koma ine mwini wake ndinali ndisanafike. M'mawa mwake ndinapita, ndinakana mpando ndi kukhala pamphasa pakhonde, ndipo mayi aja analira ngati maliro achitika dzulo lake. Atatonthola anandifotokozera za matenda onse kuyambira tsiku loyamba, kenaka anaphika nsima ya nandolo ndipo tinadyera limodzi. Kuyambira pamenepo makomo ena amene ndinkawaona ngati otseka anayamba kutseguka okha, pakuti nkhani ya m'mudzi imayenda msanga kuposa njinga.

Maliro atsopano akagwa, musakhale munthu wongopereka ndalama n'kubwerera kukagona kunyumba. Kagoneni pasiwa pamodzi ndi amuna anzanu, thandizani kuwaza nkhuni, ndipo ngati mphamvu zilipo gwirani khasu pamodzi ndi adzukulu kumanda. Pamoto wa usiku umenewo mudzamva mbiri yonse ya zaka zimene munalibe, ndipo anzanu aja amene mukuti nkhani imakutherani mudzaona akumasuka. Musaiwalenso kukaonekera kwa a nyakwawa, moperekezedwa ndi amalume anu, kuti adziwe kuti mwabwera kudzakhala osati kudzacheza.

Dzina la mtchona lisakupwetekeni mtima kwambiri. Ndi dzina lakale, la m'nthawi imene agogo athu ankapita kumigodi ya ku Joni ndi ku Halale, ena kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, mpaka boma la Kamuzu linaletsa ulendo wa Wenelawo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha amuna ambiri a kuno amene ankabwerera kwawo. Amene ankabwerako ankafika ndi njinga yakapalasa, wailesi, jekete ndi mabulangete, ndipo mudzi wonse unkalawako. Maganizo oti wochokera kunja amabwera ndi katundu anakhazikika kuyambira pamenepo, kotero abale anu akamakuyang'anani m'manja sakuchita zachilendo. Komanso mavuto awo ndi enieni. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo imene inu munaisiya m'mutu mwanu pochoka inapita kalekale. Munthu wothyola tiyi kuesiteti akakuuzani kuti thumba la feteleza lamukanika, sakukunamizani.

Komabe simungasenze mudzi wonse, ndipo mukayesa kutero ndalama zanu zidzatha chaka chisanathe, kenaka omwewo amene munkawathandiza ndiwo adzayambe kukusekani kuti munapita kukachita chiyani kunjako. Langizo langa ndi loti musankhe zinthu ziwiri zokha zimene mungazikwanitse chaka ndi chaka, monga fizi ya mwana mmodzi wa alongo anu ndi feteleza wa amayi, ndipo muzinene poyera pamaso pa amalume ndi alongo anu onse kuti pasakhale wonena kuti mukukondera. Zina zonse muzikana mwaulemu koma momveka. Mawu oti "ndiona" ndi oopsa kwambiri, chifukwa inu mumawanena pofuna kuthawa manyazi pamene winayo amawamva ngati lonjezo, ndipo adzabwera Lachisanu lililonse kufikira mutadana. Wofuna ngongole ya bizinesi muuzeni za banki mkhonde, ndipo ngati mungathe lowanimo inunso kuti muzisonkha mofanana ndi anzanu. Za kugulira anthu mowa pa Chitakale sindinenapo zambiri. Mabwenzi amene amabwera ndi botolo amapitanso ndi botolo.

Nkhani ya munda muigwire mosamala kuposa zonse. Mukudziwa nokha kuti kwathu kuno malo ndi ochepa, popeza mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili pansi pa tiyi, ndipo pa mwambo wathu wa chikamwini, kaya ndinu Mlhomwe kaya Mmang'anja, munda umatsata mbumba. Ngati kachigawo kamene munkalima musanachoke mwakapeza kali m'manja mwa alongo anu kapena ana awo, musafike ndi mawu olamula, chifukwa iwo ndiwo anasamala amayi pamene inu munali kutali. Ngati muli ndi ndalama yomangira, kuli bwino mugule malo anuanu, pamaso pa mfumu ndi mboni, ndipo zonse zilembedwe.

Chinanso ndi lilime. Ine ndinali ndi chizolowezi choyamba nkhani iliyonse ndi mawu oti "ku Joni", magetsi akazima, minibasi ikachedwa kudzaza, ngakhale chiperoni chikagwa, mpaka ana a m'mudzi anandipatsa dzina lomwelo. Anthu satsutsa kuti kunjako misewu ndi yabwino, koma akamamva zimenezi tsiku ndi tsiku amaona ngati mukuwauza kuti moyo wawo ndi wachabe. Nkhani za ku Cape Town muzizinena mukafunsidwa, ndipo ponena musabise zowawa zake, monga kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi kapena kuthawa apolisi chifukwa cha mapepala, pakuti achinyamata ambiri amene akukuyang'anani akulingalira zonyamuka. Nthawi yotsalayo muzifunsa ndinu. Mnzanu amene munamusiya ali mnyamata tsopano ali ndi ana akusekondale, mwina anaikapo mkazi m'manda, mwina ndi mkulu wa mpingo, ndipo sangakhalenso munthu amene munkasambira naye mu Likhubula. Moni nayenso musamufupikitse monga tinazolowera m'matauni a eni ake. Imani, vulani chipewa kwa akuluakulu, funsani za kunyumba, ndipo dikirani yankho.

Ngati mumapemphera, pitani ndi kalata yanu ya mpingo kwa abusa kapena bambo mfumu, ndipo mulowe m'mlaga kapena mphakati wa m'dera lanu, chifukwa kumeneko anthu amakumana ochepa, m'nyumba za anzawo, ndipo munthu amadziwika msanga kusiyana ndi kungokhala pabenchi lakumbuyo Lamulungu. Anzanu ena obwerera kuchokera kunja muzicheza nawo ndithu, poti ndi okhawo amene angamvetse chifukwa chimene nthawi zina mumasowa tulo polakalaka malo amene munkawadandaula, koma asakhale gulu lanu lokhalo.

Miyezi iwiri ndi yochepa, achimwene. Kwa ine panatha nyengo ziwiri za dzinja anthu asanasiye kundifunsa kuti ndibwerera liti. Ngati amalume anu ali pafupi, apezeni mawa lomweli muli ndi kope ndi cholembera. Mndandanda wanga wa omwalira unafika mayina 23, ndipo unanditengera miyezi itatu kuti ndiumalize.