FTIR ikuti ndi pulasitiki yemweyo, nanga chinachi chikuthyokeranji?

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wophunzira chemistry. Mwachidule akuti ali ndi zidutswa ziwiri za pulasitiki wa polypropylene, china chatsopano china chochokera ku mapulasitiki akale omwe anasungunulidwanso, wazipima zonse pa FTIR, makina ozindikira mtundu wa pulasitiki, ndipo magalafu atuluka ofanana, koma akapinda chachiwiricho chikungoti thyo ngati galasi. Ndiye akufunsa kuti kodi makinawo akunama?

Ayi achimwene, sakunama, mwangowafunsa funso lomwe si lawo. FTIR imawalitsa kuwala kwa infrared pa chinthucho nkuona kuti ndi ma bond ati, kapena kuti malumikizano ati a maatomu, akuyamwa kuwalako, basi. Imakuuzani kuti uyu ndi polypropylene, si PET, si nayiloni. Koma polima ndi tcheni chachitali cha tizidutswa tofanana tolumikizana, nkhani yomwe Hermann Staudinger anayamba kuilimbikira mu 1920 anzake akumutsutsa mpaka anadzapata nayo Nobel mu 1953, ndiye tcheni cha tizidutswa 500 ndi cha tizidutswa 5,000 pa FTIR zimaoneka chimodzimodzi chifukwa ma bond ake ndi omwewo. Komanso ngati munagwiritsa ntchito ATR, ija yongopanikiza sampulo pa kadayamondi, mwangoona pamwamba pokha, ma micrometer ochepa chabe. Bwererani pa galafu ija muyang'anitsitse cha pa 1715 cm⁻¹, pakakhala kaphiri ngakhale kakang'ono ndiye kuti okosijeni walowa kale ntchito yowononga pulasitikiyo.

Ine ndikukayikira kwambiri kutalika kwa matcheni. Polypropylene ukamusungunula kangapo matcheni ake amaduka, ndipo matcheni aafupi sakolanakolana bwino, nchifukwa chake chinthucho chimangothyoka osayamba chatamuka kaye. Chopimira zimenezi ndi GPC, yomwe J. C. Moore wa ku Dow anaifotokoza mu 1964. Mumasungunula polima m'mankhwala nkumudutsitsa mu paipi yodzaza timikanda tokhala ndi timabowo, ndiye apa mpomwe ambiri amasokonezeka, matcheni aakulu ndi omwe amayamba kutuluka, chifukwa sakwana m'timabowomo amangodutsa m'mbali, pomwe aang'ono amalowa bowo lililonse nkuchedwa. Vuto lake polypropylene ndi wamakani, sasungunuka wamba, amafuna mankhwala a trichlorobenzene otentha cha m'ma 150°C ndipo si labu iliyonse ili ndi GPC yotere. China, makina ambiri amawatchera ndi pulasitiki wina wotchedwa polystyrene, ndiye nambala yomwe yatulukayo musamaitenge ngati ya m'malemba, ndi yongoyerekeza pokhapokha pakhale light scattering, chipangizo chopima kukula kwa matcheni mwachindunji pogwiritsa ntchito kuwala.

Ngati GPC palibe musadandaule, pali melt flow index, njira yomwe anthu amaiderera koma ine ndimaikonda. Mumatenthetsa polypropylene pa 230°C, kumutsindika ndi 2.16 kg nkuyeza magalamu omwe atuluke pa kabowo m'mphindi 10. Chakalecho chikamatuluka mothamanga kuposa chinzakecho, yankho mwalipeza, matcheni anaduka.

Kenako DSC, makina oona mmene pulasitiki amasungunukira. Kasampulo ka mamiligalamu 5 kapena 10 mu kambale ka aluminiyamu, kutenthetsa madigiri 10 pa mphindi, makina nkumalemba kutentha komwe kakumeza kapena kutulutsa. Polypropylene amasungunuka cha pa 165°C, ndiye mukaona kaphiri kena cha pa 130°C dziwani kuti mwalowa pulasitiki wina wotchedwa HDPE, zomwe zimachitika kwambiri ndi mapulasitiki otoleredwa poti awiriwa onse amayandama pamadzi ndipo kuwalekanitsa nkovuta, chonsecho akasakanikirana sagwirana bwino. Langizo langa, tenthetsani kawiri. Ulendo woyamba umangokuuzani mmene chinthucho chinaziziritsidwira ku fakitale, wachiwiriwo ndi umene umaonetsa polima weniweniyo.

TGA sinditayapo nthawi, ndi sikelo yokhala mu ng'anjo, polima amapsa nkutha ndipo chotsalacho ndi zomwe anathiramo monga talc kapena choko. Njira zina zopimira monga NMR ndi MALDI zisiyeni kaye, nzabwino koma pa funso lanuli ndi kupha nyerere ndi nkhwangwa.

Ndiye yambani ndi melt flow ndi DSC, zidutswa zonse ziwiri tsiku limodzi makina omwewo, ndipo chilichonse muchipime katatu osati kamodzi eti. Mukapeza manambala nditumizireni pamodzi ndi galafu ya FTIR ija, ndikufuna ndione ndekha pa 1715 paja.