Botolo la $30 lija musagule, achemwali

Imelo iyi yagona mufoni mwanga masiku anayi, ndikati ndiyankhe mtima umayamba kuthamanga ndiye ndimangotseka. Yachokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mimba yoyamba, miyezi 6. Akufunsa njira zachilengedwe zolimbitsira chitetezo cha mthupi mwake ndi cha mwana akubwerayo, komanso akuti pagulu la WhatsApp la azimayi wina akugulitsa botolo la immune booster pa $30, agule kapena ayi.

Achemwali ndikuyankhani, koma mundipirire, ndiyambira kutali.

Mwana wanga woyamba ndinachira mu Okutobala 2008 tikukhala ku Budiriro. Amene munali muno mu Harare chaka chimenecho simufuna nkukumbutsidwa komwe, m'mashopu mulibe kanthu, ndalama ukailandira m'mawa madzulo yasanduka pepala, mipopi ili gwaa, kenako kolera ija inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko muno ndipo Budiriro yathuyo inali pakatikati pa motowo. Apongozi anga anabwera kudzandisunga m'chikuta. Mayi a ku Dedza amenewo, anabwera kuno ali mtsikana kutsatira amuna awo nthawi ya chitaganya, anabereka ana 9, ndiye iwe kamtsikana ka zaka 22 ungawauze chiyani za mwana?

Nkhondo inayamba tsiku lomwe ndinatuluka kukiliniki. Akuti kamkaka koyamba kachikasu kaja, chithuwi, nkonyansa, ndifinyire pansi mpaka woyera utabwera. Ine anesi anali atandiuza kale kuti kameneko ndiye kofunika kuposa wina uliwonse, ndiye ndinkangoti chabwino amayi, iwo akatuluka panja ine mwana kubele. Imeneyo inali yaing'ono. Yaikulu inali ya madzi. Okutobala wa muno mukumudziwa kutentha kwake, mwana akangolira iwo amati ali ndi ludzu uyu, nkutenga kasipuni kuti ammwetse, ndipo madzi ake anali a pachitsime chokumba kuseri kwa nyumba, masitepe ochepa chabe kuchokera pomwe suweji imasefukira. Ndinabisa sipuni, anapeza ina. Tsiku lina ndinawalanda mwana m'manja, ine amene ndinali ndisanawayankhepo mokweza chikwatiwire, ndipo ndinatchedwa mtengwa wamwano mpaka nkhani inakafika kwa ankhoswe. Bambo a kunyumba ali phee ngati mulibe.

Pofika Novembala alamu anga anawanyamula pawilibala kolera itawagwira, nyumba yoyandikana nafe kunagwa maliro. Kamwana kanga sikanatsegule m'mimba olo tsiku limodzi. Sindikunena kuti ndinali wanzeru, anali mantha chabe, zifukwa zake ndinadzazimvetsa pambuyo. Mwana woyamwa bele lokha sakumana ndi madzi oipa, ndiye kale watetezeka. Komanso mkaka wa mayi uli ndi asilikali a mthupi amene amakamata m'matumbo mwa mwana kuti tizilombo tisapeze pogwira, ndipo m'chithuwi muja ndiye adzadza. Ngakhale asanabadwe, makamaka miyezi itatu yomaliza, asilikali a mayi amawolokera kwa mwana kudzera mu nsengwa, nkumutchinjiriza miyezi yoyamba thupi lake lisanayambe kupanga ake okwanira. Inuyo achemwali muli pakhomo penipeni pa miyezi imeneyo.

Tsono musandione ngati katswiri, chifukwa mimba yachitatu mu 2018 ndi ine ndemwe ndinagula botolo ngati lanulo kkkk. Mapilisi owonjezera magazi a kusikelo ankandichititsa nseru ndi kundimanga m'mimba, ndinawaponya mu drowa nkumamwa zotsekemera za m'botolo zolembedwa masamba obiriwira, kwinaku ndikudya dothi lija amagulitsa m'misika ngati maswiti. Ndinayamba kuona chizungulire ndikamatsika kombi. Kusikelo atandiyeza anati magazi achepa, ndipo anesi anandiuza kuti chilakolako cha dothicho nthawi zambiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa magazi. Manyazi ake! Mapilisi amene ndinkafunikira anali mu drowa, ndalama zapita.

Ndiye ineyo pano sindinyengerera, kugulitsa mabotolo osadziwika kwa mayi woyembekezera ndi kuba, olo wogulitsayo akhale mnzanu woimba naye kwaya. Mufunseni muli chiyani m'botolomo, angokuuzani kuti ndi zachilengedwe. Mawu amenewa atipusitsa kokwanira abale. Mwanamphepo si wachilengedwe? Koma azamba kumudzi kwathu akhala akudandaula kuti amafulumizitsa matenda mpaka chiberekero kung'ambika. Kuno anzathu Achishona ali ndi zawo za masuwo, zomwe amati zimatsegula njira ya mwana pobereka, ndipo poti tinasakanikirana kalekale mtsikana mmodzi amapatsidwa za mbali zonse ziwiri, za agogo a ku Malawi ndi za azakhali a kuno, palibe amene akudziwa mlingo.

Chimene chimandiwawa nchoti zachilengedwe zenizenizo zili mbwee pa Mbare Musika ndipo timazidutsa. Ana athu obadwira kuno sadziwanso kuti mowa wa Achishona uja si wakumwa, ndi bonongwe, muboora ndi nkhwani, nyevhe ndi luni, mauyu ndi malambe. Wanga wa 2008 uja ndinamutuma chisoso anabwera chimanjamanja akuti amayi ogulitsa sakuchidziwa, ndinaiwala kumuuza kuti afunse mutsine. Nkhani imeneyi ndidzailemba payokha tsiku lina chifukwa ikundidya.

Tsono muchite chiyani

Mapilisi owonjezera magazi aja, a ayironi ndi foliki asidi, imwani tsiku lililonse, akakuvutani yesani kumwa mutadya kapena pogona, ndipo awuzeni anesi m'malo mowabisa ngati ine. Mbale yanu isasowe masamba otendera nsinjiro, nyemba, matemba, mazira, ndipo pambali pake lalanje, gwafa kapena malambe chifukwa vitamini C amathandiza thupi kutenga ayironi. Tiyi amachita zosiyana ndi zimenezo, musamwere nsima, dikirani papite ola kapena awiri. Madzi akumwa wiritsani kapena thirani mankhwala, olo akhale a pamjigo. Katemera wa kafumbata musathawe, ndipo ngati muli pa ma ARV musadumphitse, mukhoza kuyamwitsa bwinobwino motsatira malangizo a kukiliniki.

Mwana akabadwa agone pachifuwa panu khungu kukhungu, ayamwe ola loyamba lisanathe, kenako bele lokha miyezi 6, popanda madzi, phala, tiyi kapena zitsamba, ndipo mukayamba phala musamuchotse kubele mpaka zaka 2. Uchi ayi mpaka akwanitse chaka. Wofuna kumunyamula asambe m'manja ndi sopo, wachimfine amuonere patali, utsi wa fodya ndi wa mbaula usamufike. Katemera yense alandire, BCG akangobadwa, wa masabata 6, 10 ndi 14, wa chikuku pa miyezi 9. Pagulu lanu lija wina adzanena kuti jekeseni si yachilengedwe, inu mungomusiya, katemera amangophunzitsa asilikali omwewo a mwanayo kuzindikira mdani asanafike.

Ndatsala pang'ono kuiwala liwombo, poti apongozi anu adzayamba nalo ngati anga. Likalowa mkati mwana akutsegula kapena kusanza, ndiye kuti madzi amthera mthupi, musataye nthawi ndi zomata pamutu kapena zopaka kunkhama, pitirizani kuyamwitsa muli panjira yakukiliniki. Khanda losakwana miyezi itatu likatentha thupi kapena kukana bele chimodzimodzi, olo ukhale usiku, dzutsani neba wagalimoto. $30 ija isungireni zimenezo.