Kusanja nyimbo pa Launchpad: tinene bwanji m'Chichewa?

Mnyamata wina wa ku Zingwangwa wandilembera motere: "Akulu, ndili ndi Launchpad ndipo ndimapanga nyimbo mu Ableton Live. Ndikufuna kuphunzitsa anzanga pa mavidiyo m'Chichewa. Ndikamasuntha kolasi kuti ibwere pambuyo pa vesi, ndinene kuti ndikupeka nyimbo kapena ndikukonza nyimbo?"

Mwa mawu awiriwo musatengepo ngakhale amodzi, achimwene. Kupeka munapeka kale pamene munkapeza mawu ndi kamvekedwe kake. Kukonza nako n'kotakata kwambiri: timakonza njinga, timakonza nsomba, timakonza ukwati. Womvera akamva kuti mukukonza nyimbo, choyamba kumubwerera m'mutu n'chakuti inali itawonongeka. Mneni wanu ndi kusanja. Onani mayi wogulitsa tomato pamsika wa Limbe. Tomato sakumulima pamenepo, alipo kale m'dengu, koma akusankha woti akhale pansi, woti akhale pamwamba, ndi mulu woti uyang'ane kumsewu. Woumba njerwa amasanjanso uvuni chimodzimodzi. Zidutswa zilipo, ntchito ndi kudziwa chotsogola ndi chotsatira.

Kwa owerenga amene sanachionepo chipangizochi: Launchpad inatulutsidwa ndi kampani ya Novation mu 2009, ndipo ndi kathabwa ka mabatani 64 owala, mizere 8 yotsika ndi 8 yopingasa. Payokha silira. Imangotumiza mauthenga ku kompyuta kudzera mu MIDI, njira imene zida zoimbira zakhala zikulankhulirana kuyambira 1983. Mu Ableton Live, pulogalamu ya ku Berlin yomwe inayamba mu 2001, mzere wotsika uliwonse umasunga chida chimodzi, uwu ng'oma, uwu bezi, uwu mawu a woimba. Mzere wopingasa umadutsa zida zonsezo pamodzi, ndipo pulogalamuyo imautcha scene. Mukadina batani la kumapeto kudzanja lamanja, mzere wonsewo umalira nthawi imodzi. Ndiye mzere woyamba ukhoza kukhala poyambira nyimbo, wachiwiri vesi, wachitatu kolasi.

Pa mawu akuti scene musavutike ndi kumasulira. Nenani "mzere", wophunzira akuuona ndi maso ake. "Dinani mzere wachitatu, kolasi ilowe." Chichewa chomveka ndi chimenecho. Ndipo popeza pulogalamuyo siisintha mzere nthawi yomweyo mukadina, koma imayembekeza kuti kugunda kufike poyambira pake, batani lili phethiphethi, mungawauze anzanuwo kuti "imadikira ng'oma". Aliyense amene anavinapo chimtali kapena mganda akudziwa kuti sulowa m'bwalo pakati pa sitepe.

Ntchitoyi ili ndi mbali yachiwiri. Mukamaliza kuyesayesa mizere, mumajambula zimene mwadinazo n'kukaziika pa Arrangement View, pomwe nyimbo imaoneka yonse kuchokera kumanzere kupita kumanja. Pamenepo ine ndinganene kuti mwayala nyimbo, monga tiyalira mphasa kapena ufa padzuwa, chinthu chonse poyera. Mumasanja pa mabatani, mumayala pa sikirini. Ena anganene kundandalika, ndipo sindingawatsutse, kungoti kumandikumbutsa mayina a m'kaundula.

Mayi wina wa kwaya ku Area 25 wafunsa ngati ndime ndi vesi zili chimodzimodzi, komanso chomwe angatchule bridge.

M'nyimbo, inde. Wotsogolera mapemphero akati "tiimbe ndime yoyamba ndi yomaliza", akunena mavesi. Mawu akuti ndime ndi akale kuposa mabuku athu, chifukwa kumunda ndime ndi malo amene munthu wapatsidwa kuti alime, ndipo kuchokera kumeneko anafika m'buku ndi m'nyimbo. Koma musatche kolasi ndime. Mukafuna liwu lophimba zonse, vesi, kolasi, poyambira ndi pothera, nenani chigawo: nyimbo iyi ili ndi zigawo zisanu ndi chimodzi. Musasokonezenso kolasi ndi kupolokoza. Wina akatsogolera nyimbo ena n'kumavomera, kuvomerako kumachitika m'kati mwa vesi momwemo, pamene kolasi ndi chigawo chapachokha chobwerezedwa.

Za bridge, mayi, ndakumanapo ndi olemba "mlatho wa nyimbo". Chonde ayi. Mlatho uli pa Shire ku Liwonde, ndipo woimba wa kwaya yanu mukamuuza kuti alowe pa mlatho adzakuyang'anani kukamwa. Anyamata a m'situdiyo amati buliji ndipo amamvana. Pophunzitsa, fotokozani kamodzi kuti ndi chigawo chosinthira, chomwe kawirikawiri chimabwera kamodzi kokha kolasi yomaliza isanafike, kenako pitirizani ndi buliji yemweyo.

Funso lachitatu landiseketsa. Wolemba sanatchule kumene ali, koma akuti anauza mlongo wake kuti wagula chida cha mapadi 64, kutanthauza mabatani aja amene m'Chingerezi amati pads, mlongoyo n'kugwa nako kuseka. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chalakwika m'galamala, koma liwulo linatengedwa kale. M'Chichewa cha masiku ano mapadi ndi zimene amayi amagwiritsa ntchito akakhala kumwezi. Nenani mabatani. Vuto lofanana lili pa track, dzina la mzere wotsika uja: mukalilemba Chichewa limagundana ndi thiraki yonyamula mchenga, n'chifukwa chake pamwambapa ndangoti mzere wa ng'oma, mzere wa bezi.

Mneni wa pa mabataniwa ndiye wofunika kusamala. Poyambitsa chigawo mumadina batani, kamodzi, mwadala. Koma pa Push, chida chimene Ableton inatulutsa mu 2013, mabatani amamva mphamvu ya chala, mukagogoda pang'ono ng'oma imalira motsika, mukamenya imalira mokweza. Pamenepo simukudinanso, mukuimba ng'oma ndi zala, ndipo Chichewa chimalola kuimba pa ng'oma, gitala ndi limba lomwe. Kutobwanya kusiyireni mwana amene wapeza chidacho chili choyaka n'kumangokhudza paliponse pakuwala. Mphunzitsi akati "tobwanyani apa" amamveka ngati sakudziwa chimene batanilo lichite.

Chida chenichenicho ambiri amachitchula ndi dzina lake, Launchpad, Push kapena APC40 ya Akai, ndipo n'zokwanira. Wina akafunsa ntchito yake, muuzeni kuti ndi chiwongolero cha pulogalamu: injini ili mu kompyuta, m'manja mwanu muli chokhotetsera.

Pomaliza wina wafunsa: "vesi loyamba" kapena "vesi yoyamba"? Zonse zimamveka. Mawu obwereka ambiri amatenga "ya" ndi "yo", monga kompyuta yanga, koma zambiri zake zikayamba ndi ma-, monga mavesi ndi mabatani, pakamwa pamakokera ku "la" ndi "lo", ngati mmene tinenera tsamba loyamba, masamba oyamba. Ine ndimalemba vesi loyamba ndi batani lofiira, koma kolasi yachiwiri, chifukwa "kolasi lachiwiri" khutu langa limakana. Mukasankha "lo" pa vesi m'vidiyo yoyamba, musadzasinthe m'vidiyo yachitatu.