Underrated, undervalued kapena underestimated? Yankho kwa achemwali a ku Senga Bay

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe amagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay. Akuti atha zaka 4 akulandira alendo, kusunga ndalama, nthawi zina mpaka kulowa kukhitchini wophika akadwala, koma salale ili pomwe inayambira. Ndiye akulemba kalata yachingerezi yopita kwa abwana awo ndipo ayikamo kuti "I feel underrated", koma mtima sukukhazikika. Akufunsa ngati mawuwa ali bwino, komanso kuti amasiyana bwanji ndi undervalued ndi underestimated.

Achemwali, mwachita bwino kufunsa kalatayo isanapite. Mawu onsewa amayamba ndi under, kutanthauza pansi, ndiye onse akunena kuti chinthu achiyika pansi pomwe sichimayenera kukhala. Koma chomwe chikuyezedwa sichimodzi ayi, ndipo mukasankha molakwika abwana atha kuwerenga kalata yonse n'kumva ngati mukudandaula kuti sakutamandani, pomwe inu nkhani yanu ndi ya ndalama ndi thukuta lanu.

Underrated ndi nkhani ya mbiri, zomwe anthu amayankhula za chinthu. Rate ndi ngati kupereka mamalikisi, ndiye chinthu chikakhala underrated ndiye kuti n'chabwino koma anthu amachipatsa mamalikisi ochepa. Tengani nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve. Anthu akati tikaone nyama amathamangira ku Liwonde kapena ku Majete, chonsecho kuno ku Nkhotakota bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2015 ndipo mu 2016 ndi 2017 anasamutsira kuno njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete komweko, koma mpaka pano ambiri sakudziwa. Apo munthu atha kunena kuti "Nkhotakota is underrated" ndipo akhala kuti wanena bwino. Mawuwa amayenda ndi oyimba, osewera mpira, malo odyera, zinthu ngati zimenezo. Komanso amakoma wina akamanena za inu, mukadzinena nokha zimamveka ngati mukupempha kuti akuombereni m'manja. Ndipo polemba musaiwale, ma r ndi awiri, ambiri amalemba imodzi.

Undervalued ndi omwe ndikufuna muwamvetse bwino chifukwa ndi anu amenewa. Value ndi mtengo kapena phindu la chinthu. Pitani ku Lifuwu nthawi yokolola mpunga mukaone, venda amafika ndi sikelo yake ndi matumba opanda kanthu atawamanga pa keliyala, mlimi ali ndi ngongole ya feteleza, mwana akufunika fizi, ndiye amangoima n'kumayang'ana muvi wa sikelo uku akudziwa mumtima kuti mtengo akupatsidwawo si wa mpunga wake, koma agulitsabe chifukwa ndalama ikufunika lero lomwe, ndipo pakapita miyezi ingapo mpunga womwewo mukaupeza ku Lilongwe uli m'mapaketi mtengo wake wakwera kutali. Mpunga umenewo ndi undervalued. Thukuta la mlimiyo ndi undervalued. Kuntchito mawuwa amanyamula zonse ziwiri, malipiro ochepa komanso kusawerengeredwa, n'chifukwa chake ndi amene akukwanira bwino pa nkhani yanu.

Pano ndipatuke pang'ono chifukwa ambiri amasokoneza ndi devalue. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, tonse tinazimva m'thumba. Kumeneko ndi ku devalue, kutsitsa mtengo mwadala pochita kulengeza. Undervalue ndi kuona chinthu ngati chotchipa pomwe mtengo wake weniweni ulipobe.

Underestimated ndiye kuderera kwenikweni, kuganiza kuti munthu sangathe. Mukukumbukira AFCON ya ku Cameroon mu January 2022? Ambiri ankati Flames ikungokaperekeza anzawo, koma inagonjetsa Zimbabwe 2-1, zigoli zonse ziwiri za Gabadinho Mhango, n'kufika mu ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu. "They underestimated the Flames." Mawuwa amagwiranso pa nthawi, mtunda ndi ndalama, ngati mwanyamuka pa Salima mochedwa poganiza kuti mufika ku Nkhotakota kusanade n'kupeza kuti msewu wa M5 wakuchedwetsani, mutha kunena "I underestimated the time". M'kalata mwanumo sakulowa, chifukwa abwana anu sakukayika kuti mumatha ntchito, n'chifukwa chake amakusiyirani zonse.

Aliponso ena awiri. Underpaid ndi kulipidwa mochepera basi, mawu olunjika, ndipo ndi abwino ngati muli ndi umboni, mwachitsanzo ngati mukulandira ndalama yosafika pa malipiro otsikitsitsa omwe boma linakhazikitsa. Taken for granted ndi kuzoloweredwa, anthu kufika poiwala kuti zomwe mumachita ndi ntchito. Amenewa amapweteka kuwamva, ine sindingawayike m'kalata yoyamba.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanalemba kuti "I feel that my work is undervalued", kenako pansi pake n'kulemba ntchito zonse zomwe mumagwira panopa zomwe munalibe mukuyamba, za ndalamazo, za kukhitchinizo, ndi chaka chomwe salale inakwera komaliza ngati inakwerapo, kenako n'kutseka ndi "I would like to request a salary review". Kalatayo isapitilire tsamba limodzi, muyikepo deti, ndipo kope imodzi musunge kunyumba. Mukayankhidwa mundilemberenso achemwali, ndikufuna ndimve kuti zatha bwanji.